Wosagonjetsedwa wa Pabwalo Lakumapeto

Mukalowa m'holo ya zamasewero pakoleji yathu ya Brule Prairie, chakumanzere, pafupi ndi mpope wa madzi akumwa umene sunatulutsepo dontho chiuikireni, mudzaona chithunzi cha Tressa Kubicek. Pansi pake analemba kuti mtsikanayu anasewera tenisi zaka ziwiri zathunthu popanda womugonjetsa. Si bodza ayi. Amene analemba mawuwo ndi anthu opemphera, sanganame. Anangoiwala kuwonjezera kamzere kamodzi, koti m'zaka ziwirizo Tressa sanapambaneponso ngakhale kamodzi. Ine ndikudziwa bwino chifukwa ndinkagona naye chipinda chimodzi, ndipo mwa anthu onse amene anamupangira mbiri yokongolayi, wamkulu wake ndine.

Dzina langa ndi Corinne Haskett. Ndinkasewera pabwalo lachiwiri, ndipo mundikhululukire kudzitama, ndinali ndi dzanja. Tressa ankasewera pabwalo lachisanu ndi chimodzi, lakumapeto kwenikweni, kuseri kwa shedi yosungiramo makina otchetchera kapinga, kumene owonerera ankafikako pokhapokha akasochera pofunafuna chimbudzi.

Tenisi yakukoleji ndi ya timu. Mumayamba ndi masewero a awiriawiri, amene amapereka pointi imodzi. Kenako atsikana asanu ndi mmodzi amalowa nthawi imodzi, aliyense pabwalo pake, aliyense kumenyera pointi yakeyake. Timu ikangokwanitsa mapointi anayi, nkhani yatha. Woyimbira amakweza dzanja, ndipo amene akusewerabe amatsitsa maraketi pomwepo, kaya wina watsala ndi mpira umodzi wokha kuti apambane. Papepala amangolemba kuti "sanamalize". Amene anakonza lamuloli ayenera kuti anali munthu wachifundo, wosafuna kuti ana a eni azitopa pachabe, koma ndikukhulupirira kuti sanakumanepo ndi Tressa.

Iyeyu anakulira pafamu ya chimanga kumpoto kwa Nebraska, kumene nyumba ya mnansi wapafupi umaiona ngati kadontho. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo bambo ake, a Leland Kubicek, anali munthu woti mawu makumi awiri amawakwanira sabata yathunthu. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi raketi yakale imene anaipeza pa katundu wa anthu osamuka, anamupatsa mwanayo, n'kumulozera khoma la shedi ya mathalakitala. Mphunzitsi wake anali khoma limenelo. Tsono khoma silikwiya, silitopa, silimenya mwamphamvu, limangobweza. Ndipo mwana amatengera amene anamulera. Masiku ano Tressa ndiye akuyendetsa famuyo, ali ndi ana atatu ndi mwamuna wofatsa wokonza mapampu othirira, ndipo khomalo likadalipo.

Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Tressa analibe mphamvu, analibe liwiro, ndipo akamayambitsa mpira unkatha kuwerenga dzina la kampani lolembedwa pampirapo uli m'malere. Nyimbo yake inali imodzi: kubweza. Umenye kumanja, abweza. Umenye kumanzere, abweza. Ukwiye n'kumenya ndi mtima wako wonse, iye angoika raketi, mpira n'kukwera kumwamba, kukacheza ndi mbalame, n'kutsika mwaulemu pafupi ndi mzere wakumbuyo. Ndinaonapo ana a anthu olemera, ophunzitsidwa ndi akatswiri a ku Florida kuyambira ali ndi zaka zisanu, akulira misozi yeniyeni pabwalo lija. Wina anaima pakati pa masewero n'kumufunsa Tressa ngati kwawo kulibe zochita.

Vuto linali lakuti masewero a Tressa ankatenga maola atatu, pamene ife enafe tinkamaliza mu ola limodzi ndi theka. Zaka ziwiri zoyamba anazithera pabenchi, kutigawira madzi ndi nthochi. Chaka chachitatu atamupatsa bwalo lake, timu yathu inali itafika pabwino. Matimu ang'onoang'ono tinkawakwapula msangamsanga, ndipo matimu akuluakulu ankatikwapula msangamsanga. Kaya tipambane kaya tigonje, mapointi anayi ankakwana Tressa akadali m'chigawo chachiwiri cha masewero ake, akuponya mipira kumwamba.

Mwina wina anena kuti makochi awiri akagwirizana amatha kulola otsalawo kumaliza. Zoona, amatha, ngati kochi wanu si a Wendell Oberg. Akochi athuwa anali ndi msana wovuta komanso chikhulupiriro cholimba chakuti munthu wanzeru amanyamuka dzuwa likadalipo. Pointi yachinayi ikangolowa, makiyi a minibasi amakhala ali kale m'manja. Ankapita kwa Tressa, kumusisita paphewa, n'kumuuza kuti anali pafupi kwambiri ndipo sabata yamawa zitheka. Ananena mawu amenewa maulendo makumi anayi ndi umodzi, osasinthako ngakhale liwu.

Mipikisano ya aliyense payekha, imene palibe wokudukiza, imachitika mu Seputembala ndi Okutobala. Imeneyo ndi nyengo yokolola. Loweruka lililonse la miyezi imeneyo Tressa ankakhala kwawo pathalakitala, akukoka ngolo ya chimanga pambali pa makina a bambo ake, chifukwa panalibe wina woti n'kuwathandiza. Ndiye mwayi umenewo unkapita ndi chimanga.

Kamodzi kokha zinthu zinatsala pang'ono kumuyendera. Tinali ku Iowa, atatu kwa atatu, onse titamaliza, maso onse ali pabwalo lakumapeto. Kwa nthawi yoyamba tinapita kukaima kuseri kwa mpanda wake n'kumaimba dzina lake, ena mpaka kufunsa kuti kodi amalitchula bwanji. Tressa anali patsogolo. Kenako kumwamba kunada bii, kukhala ngati kobiriwira, ndipo sailini yochenjeza za kamvuluvulu inayamba kulira tauni yonse. Tinakathera m'chipinda chapansi pa tchalitchi, pamodzi ndi adani athu ndi amayi ena amene ankaphunzira kusoka. Mvula itakata, mabwalo anali maiwe. Masewerowo anawafufuta ngati sanachitike. M'minibasi ndinamuuza Tressa kuti zikuoneka kuti nawo akumwamba ali mbali ya akochi Oberg, ndipo anaseka, koma pang'ono.

A Kubicek ankabwera Loweruka lililonse tikamasewera pakhomo, ulendo wa maola anayi kubwera, maola anayi kubwerera. Ankaimika galimoto yawo yabokosi pafupi ndi shedi ija, kukhala pachitseko chakumbuyo, chipewa chili pamaso. Ankatibweretsera makolache, timabanzi tokhala ndi jamu pakati, ophika azakhali ake a Tressa, ndipo ife tinkadya mopanda manyazi. Woyimbira akakweza dzanja, iwo ankatsika, kumuyang'ana mwana wawo, kugwedeza mutu kamodzi, n'kuliza galimoto. Tsiku lina ndinawafunsa ngati satopa kuyenda mtunda wonsewo kudzaonera theka la masewero. Anandiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinayamba kudziona ngati mbuzi yolowa m'munda, kenako anati munthu sudziwa tsiku limene ng'ombe idzabereke, umangopitako m'mawa uliwonse.

Tsopano apa pakubwera a Pruett, bambo amene ntchito yawo inali kulemba nkhani za masewero a pakoleji, ngakhale sindinawaonepo pabwalo lililonse lopanda denga ndi sitolo ya zakumwa. Chakumayambiriro kwa chaka chathu chomaliza, akusanthula mapepala muofesi, anaona kuti pa dzina la Kubicek, pamzere wa zogonja, palibe kanthu. Sanavutike kuyang'ana mzere woyandikana nawo. Sabata yomweyo nyuzipepala ya pakoleji inatuluka ndi chithunzi chachikulu: mwana wa mlimi amene palibe angamugwetse. Wailesi ya m'tauni inatengera pomwepo. Amayi ogulitsa khofi pakona anayamba kumupatsa kapu yaulere. Abusa a tchalitchi cha pafupi ndi koleji anamutchula mu ulaliki wonena za kupirira.

Tressa, mwaulemu wake wakufamu uja, anavala bulauzi yabwino n'kupita kuofesi kukafotokoza. A Pruett anamumvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kenako anamuuza kuti kudzichepetsa n'kwabwino koma manambala sanama. Anamupatsanso mapepala khumi a chithunzi chija kuti akagawire abale.

Ife a m'timu tinali ndi chisangalalo. Tinamutcha Mfumukazi. Akalowa m'chipinda chodyera tinkaimirira. Ine ndi amene ndinkatsogolera zachibwanazi, ndipo ndinenenso chinthu china chimene sichindikomera kuchinena: mwa masewero makumi anayi ndi limodzi aja, ine ndinamenya mpira wotseka nkhani maulendo khumi ndi asanu ndi awiri. Palibe chinthu chokoma pa dziko lino ngati kumenya mpira umenewo. Anzako amataya maraketi, amathamanga kuchokera m'mabwalo onse, amakugwetsa pansi n'kukuunjikira, iwe uli pansi pa mulu ukubanika ndi thukuta la anthu asanu n'kumaganiza kuti ndiwe munthu. Sindinadzifunsepo kuti nthawi imeneyo pabwalo lakumapeto pakuchitika chiyani.

Ndinadziwa tsiku lina masana mu Malichi, tili kochapira zovala, tikudikira makina. Ndinamuseka monga mwa nthawi zonse, kuti Mfumukazi imachapa yokha masokosi. Sanaseke. Anapinda thawulo, kulipindanso, kenako anati:

"Corinne, iwe umadziwa kuti ndiwe wosewera wotani. Wagonjapo, wapambanapo. Ine sindidziwa. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi ndipo ndikabwerera kufamu sindidzaseweranso ndi munthu. Ndikungofuna masewero amodzi okha afike kumapeto, adadi ali pomwepo. Kaya andikwapule, zilibe kanthu. Ndingodziwa."

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndipo munthu wamanyazi amafulumira kulonjeza. Ndinagwira dzanja lake lonyowa ndi sopo n'kumuuza kuti asiyire ine, ndidzachedwetsa masewero anga mpaka iye amalize, ngakhale zitanthauze kumanga zingwe za nsapato kakhumi. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndisalonjeze chimene dzanja langa silingalole. Ndinakwiya naye pang'ono chifukwa chondikayikira. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Loweruka lotsatira ndinamanga zingwe, ndinapukuta nkhope ndi thawulo mpaka khungu kuwawa, ndinasankha mipira ngati mayi wogula mapeyala pamsika. Zonsezo zinapita pachabe, chifukwa mtsikana wathu wa pabwalo lachitatu, amene sanauzidwe za pangano, anatseka nkhani. Sabata inayo anatikwapula anayi kwa zilo tisanatuluke n'komwe thukuta. Milungu inatha choncho umodziumodzi, mpaka tinapezeka kuti tafika m'masewero omaliza olimbirana chikho cha chigawo chathu, ku Kansas, kumapeto kwa Epulo. Amenewo anali masewero otsiriza a Tressa pamoyo wake wakukoleji, ndi anga omwe.

A Kubicek anayenda maola asanu ndi awiri, atasiya kubzala pakati. Kwa mlimi wa kwathu kuno zimenezo n'zosamveka. Anaimika galimoto pakati pa bwalo langa ndi la Tressa, pamalo oti ndikatembenuka ndiwaone, ndipo Tressa anali atawauza kuti azindikwezera zala zosonyeza pamene iye wafika.

Tsikulo kunali mphepo ya ku Kansas, ija yokuvula chipewa n'kukakusiyira m'boma lina. Tinatenga pointi ya awiriawiri. Bwalo loyamba tinagonja, lachitatu tinapambana, lachinayi tinagonja, lachisanu tinapambana. Atatu kwa awiri, ndipo otsala tinali awiri okha, ine ndi Tressa. Kwa nthawi yoyamba zinthu zinayenda mokomera pangano lathu popanda ine kuchita chinyengo, chifukwa ndinakumana ndi mtsikana wamanzere wondivuta, ndinataya chigawo chachiwiri, ndipo masewero anga anatalika. Amene akanayamba kupambana mwa awirife ndiye akanabweretsa chikho.

Wopikisana ndi Tressa tsikulo anali Yesenia Obregón, kamtsikana kakafupi kolimba miyendo, nakonso kophunzitsidwa ndi khoma, ndikuganiza. Kuwaonera awiriwo kunali ngati kuonera anthu akupatsirana dzira. Mpira unkakwera, unkatsika, unkakweranso. Owonerera onse anali kwa ine, chifukwa anthu amakonda phokoso.

Nditafika gemu zisanu kwa zitatu m'chigawo chomaliza, kutatsala gemu imodzi kuti ndipambane, ndinatembenuka. A Kubicek anali ataimirira pamwamba pa galimoto, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Dzanja lamanja zala zisanu, lamanzere zinayi. Tressa anali patsogolo, naye m'chigawo chomaliza, ndipo ndiye ankayambitsa mpira. Ankangofunika mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu pa liwiro lake lija.

Ndinamasula nsapato. Ndinamanga. Ndinamasula inayo. Ndinapempha thawulo lina. Woyimbira anandichenjeza kuti ndikachedwanso andilanda pointi. Akochi Oberg anafika pampanda, maso ali psuu, n'kundifunsa chapansipansi ngati ndikufuna kuwapha ndi mtima. Anzanga a m'timu anali atafola kale m'mbali mwa bwalo, atawerama ngati othamanga, okonzeka kudzandiunjikira. Ndinataya pointi imodzi osafuna, ndinapeza zitatu, ndipo ndinapezeka kuti ndatsala ndi mpira umodzi.

Ndinayambitsa mofewa, mwadala, kampira koti ngakhale agogo angabweze. Mtsikana wamanzere uja, mwina chifukwa cha mantha, anaumenya molakwika. Mpira unakwera pang'ono n'kudzagwa pafupi ndi neti, kumanja kwanga, utafufuma bwino pamsinkhu wa phewa, bwalo lonse lili pululu. Ndikanatha kungoukankhira pakati kuti tipitirize. Ndinali ndi mpata wina pambuyo pake. Ndinali ndi nthawi yoganiza, ndipo ndinaganizadi. Kenako ndinaumenya ndi mphamvu zonse zimene mayi anga anandibereka nazo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinachitira timu, kuti chikho sichiseweretsa, kuti mtsikana uja akanatha kudzuka n'kundigonjetsa. Zonsezo n'zomveka ndipo anthu amavomereza. Koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna mulu uja. Ndinaufuna kuposa mmene ndinkamufunira zabwino mnzanga, ndipo ndinadziwa zimenezo mpira usanagunde pansi.

Anandigwetsa, anandiunjikira, anakuwa m'makutu mwanga. Ndili pansipo ndinasuzumira pakati pa miyendo ya anthu. Kutali, pabwalo lakumapeto, Tressa anali ataima kumbuyo kwa mzere, mpira uli m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti naye anali atatsala ndi mpira umodzi wokha. Woyimbira wa bwalo lawo anali atakweza kale dzanja ndipo ankapinda mapepala ake.

Zimene zinanenedwa kumeneko ndinazimva kwa a Kubicek, tsiku limene anawononga mawu a mwezi wathunthu. Akuti Tressa anayamba kuyenda kupita paneti kukagwirana chanza, monga anachitira maulendo onse aja. Koma Yesenia sanasunthe. Anakhalabe chowerama kumbuyo kwa mzere wake, raketi ili patsogolo.

"Ukupita kuti, amwali? Ponya mpirawo."

"Zatha. Sukumva phokosolo?"

"Zathera iwowo. Ine chaka chino ndamalizako awiri okha. Bwerera uko, usandithawe."

Ndipo Tressa anabwerera.

Pabwalo loyamba anali atayala kale tebulo ndi nsalu yoyera. Akuluakulu a chigawo anagwira chimkuzamawu n'kuyamba kuthokoza aliyense, kuyambira otchetcha kapinga mpaka nyengo. Tinalandira chikho, tinajambulitsa, ndipo palibe anaona kuti pachithunzipo tikuperewera. Kenako bambo wina wa tayi anati chaka chino komiti yakonza mphotho yapadera, ya wosewera amene wasonyeza kuti kugonja si chinthu chokakamiza, mtsikana amene kwa zaka ziwiri palibe wamugwetsa. Anatchula dzina molakwika, anthu anawomba m'manja, ndipo panalibe anatuluka. Analitchulanso. Akochi Oberg anandikankha kumsana kuti ndikalandire m'malo mwake, ndipo ndikamuuze kuti minibasi inyamuka pakatha mphindi khumi. Ndinagwirana chanza ndi bambo wa tayi, ndinamwetulira kamera, n'kunyamula mphothoyo, thabwa lonyezimira, kupita nalo kumapeto.

Nditafika ndinapeza kuti mpira umodzi uja Tressa anautaya. Zinali zisanu kwa zisanu, ndipo tsopano wopambana anayenera kufika gemu zisanu ndi ziwiri. Owonerera anali a Kubicek okha, atatsika pagalimoto, zala zitakola mawaya a mpanda. Ndinaima pambali pawo. Sanandiyang'ane, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Sindinaonepo tenisi ngati imeneyo, ndipo ndikunena ine amene ndinkaseka. Kuonera patali unkangoona mipira yokwera kumwamba. Pafupi ndinaona kuti mpira uliwonse Tressa ankauyeza ndi mphepo, wina kuukankhira kumene mphepo ikuchokera kuti iubweze mkati, wina kuutsitsa pang'ono kuti mnzake athamange. Yesenia ankadzimenya pantchafu pofuna kuchotsa dzanzi. Panalibe woyimbira, ankawerenga okha mokweza mawu. Kumsewu woyendetsa basi ya a Yesenia anayamba kuliza hutala, ndipo posakhalitsa minibasi yathu inayankha. Akochi Oberg anabwera mpaka pakona ya shedi, makiyi ali m'manja, anatsegula pakamwa. A Kubicek anangotembenuka n'kuwayang'ana. Akochi anatseka pakamwa n'kukhala pansi pa kapinga, ndi msana wawo womwewo.

Yesenia anatenga gemu yachisanu ndi chimodzi. Kenako, patatha pafupifupi ola chiyambire mwambo wa tebulo uja, ndiye anali atatsala ndi mpira umodzi. Ndinawerenga: anabwezerana maulendo makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Pa ulendo wotsatira mpira wa Yesenia unafupika, unagwa pakati pa bwalo, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo m'zaka zinayi. Tressa anathamangira kutsogolo, anakoka raketi kumbuyo, n'kuumenya mwamphamvu, molunjika pakona. Mpira unagunda chingwe chapamwamba pa neti, unaima kanthawi, n'kugwera mbali yake yomwe.

Tressa anayenda mpaka paneti, anagwirana chanza ndi Yesenia, ndipo awiriwo anatsamirana mitu kwa kanthawi chifukwa panalibe amene akanatha kuima yekha. Yesenia anatsimphina kupita kubasi yake. Tressa anakhala pabenchi, anaphimba nkhope ndi thawulo, n'kuyamba kulira. Sikunali kulira kwa ulemu ayi. Kunali kulira kwa mwana, kwa mapewa ogwedezeka ndi mamina omwe.

A Kubicek analowa pabwalo, anavula chipewa, anakhala pambali pake n'kuika dzanja lawo lalikulu pamutu pake. Anati anaona mpira wotsirizawo, ndipo unali woyenera kuumenya.

Ine ndinatsala nditaima ngati chitsa, thabwa lija ndikulibisa kumbuyo. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, okhudza timu ndi mphepo ndi mtsikana wamanzere, koma onse anathawa. Ndinangoti ndalakwa, ndinali ndi mpata woti ndidikire ndipo sindinadikire, ndipo ndikanadikira bwenzi iye atapambana, woyimbira ali pomwepo, zitalembedwa. Ndinalira nanenso, ine amene ndinali ndi mendulo pakhosi.

Tressa anachotsa thawulo kumaso. Maso anali ofiira, mphuno yotupa, koma nkhope yake inali ya munthu amene watula katundu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zomangidwa bwino zija.

"Ndinakuuza kuti dzanja lako silingalole," anatero. Anapuma, n'kudzigwira pachifuwa. "Koma iwe Corinne, kani zimawawa chonchi? Apa, pansi pa nthiti apa?"

Ndinati inde, zimawawa pomwepo, ndipo mawa m'mawa zidzawawa kuposa pamenepa.

"Ndiye zaka zonsezi mumadya zimenezi nokhanokha, osandigawirako?"

Anapukuta mphuno, anaika raketi m'chikwama, n'kuwauza bambo ake kuti sakwera minibasi, apita nawo pagalimoto, ndipo panjira awafotokozera masewero onse kuyambira mpira woyamba mpaka wotsiriza.